Kukonza zotsamira mkono za Pontiac GTO ya 1967: zolemba za momwe ntchito ikuyendera

Tsiku loyamba

Galimoto imene ndayamba kugwirapo ntchito ndi Pontiac GTO ya chaka cha 1967, ya zitseko ziwiri, yopanda mzati pakati pa mawindo a m'mbali, ndipo nambala yake ya ku fakitale imayamba ndi 24217 monga zimakhalira pa GTO ya thupi lotere. Ili mu galaja ya mwini wake kumpoto kwa Indiana m'dziko la America, kufupi ndi malire a Michigan. Injini yake ndi V8 ya malita 6.6, imene a Pontiac ankaitchula ndi nambala yakuti 400, ndipo inayamba kuikidwa mu GTO chaka chomwecho m'malo mwa ya 389. M'chaka chimenecho kampaniyi inapanga magalimoto a GTO okwana 81,722, kotero galimotoyi si yosowa kwenikweni. Chimene chikuipatsa ulemu ndi mtunda wochepa umene yayenda komanso kuti mkati mwake simunasinthidwe kanthu chichokereni ku fakitale. Za injini sizikundikhudza. Ine andiitanira zotsamira mkono za pa zitseko za kutsogolo, zimene amakaniko a kuno amazitcha armrest, chifukwa zasupuka ndipo zikunyazitsa mkati monse.

Mita yowerengera mtunda ikuonetsa mamailosi opitirira pang'ono 31,000, omwe ndi pafupifupi makilomita 50,000. Mita ya magalimoto a nthawi imeneyo ikafika pa 99,999 imabwerera pa ziro, choncho nambala yokhayo sindinaikhulupirire. Ndinayang'ana labala ya pa mapedulo, kapeti ya pamene dalaivala amaponda ndi chidendene, ndi m'mphepete mwa mpando pamene munthu amakhula akamalowa, ndipo zonsezi zinagwirizana ndi mita. Mwini galimoto, bambo wachikulire amene anailandira kuchokera kwa malemu bambo ake, anandionetsanso malisiti akale osinthira oyilo amene manambala ake amakwera pang'onopang'ono popanda kulumpha.

Chotsamira chilichonse chili ndi zigawo ziwiri. Pansi pali tsinde la pulasitiki lonyezimira ngati chitsulo cha chrome, lomangidwa ku chitseko ndi masikuluwu akuluakulu, ndipo pamwamba pali khushoni imene mkati mwake muli kachitsulo kophwatalala, siponji, ndi vinyl yakuda, pulasitiki yofewa yooneka ngati chikopa, yokuta zonsezo. Pa chitseko cha kumanzere, kumene dalaivala amakhala pa magalimoto a ku America, chonyezimira cha pa tsinde chikukanganuka ngati kakhungu ka mtedza wokazinga, moti ndikapititsa chala tizidutswa timatsalira pa chalapo. Pa chitseko cha kumanja tsinde lasupuka pang'ono chabe, koma khushoni yake ndiyo yaipa kwambiri: vinyl yauma, yakhwinyata, yamatuka m'mphepete monse mwa pansi, ndipo ili ndi mng'alu wautali ngati chala cha mkombaphala pa ngodya ya kutsogolo.

Poyamba zinandizunguza kuti khushoni ya mbali imene anthu sankakhalako kawirikawiri ndiyo yawonongeka kuposa ya dalaivala. Yankho linabwera titacheza, pamene bambowo anakumbukira kuti galimotoyi inakhala zaka zambiri m'shedi imene inali ndi windo limodzi, ndipo mbali ya kumanja ndiyo inkayang'ana ku windolo. Vinyl ndi pulasitiki ya PVC imene mwa iyo yokha ndi yolimba ngati paipi ya madzi. Imafewa chifukwa cha mankhwala amafutamafuta amene amasakanizamo poipanga. Mankhwala amenewa sagwirana ndi PVC mpaka kalekale, amatulukamo pang'onopang'ono, makamaka pakatentha, ndipo ena mwa iwo ndi amene amapanga kautsi kamafuta pa galasi la kutsogolo mkati mwa galimoto yotsekedwa. Akamatuluka, vinyl imauma ndi kuchepa, kenaka imadzikoka m'mphepete mpaka guluu atalephera kuigwira. Izi zimachitika galimoto ikamayenda ngakhalenso itangoima, chifukwa chimene chimawerengedwa apa ndi zaka, dzuwa ndi kutentha, zinthu zimene mita siziona. Tsinde la kumanzere lokha ndilo lawonongeka ndi ntchito, pakuti thukuta la m'manja ndi mphete ya pa chala zinkalipeza nthawi iliyonse chitseko chikamatsekedwa.

Tinagwirizana mfundo ziwiri ndisanagwire sikuludiraiva. Chilichonse cha ku fakitale chimene chingapulumuke chipulumuke, ngakhale kugula chatsopano kukanakhala kotsika mtengo, ndipo chilichonse chimene ndachita chilembedwe ndi kujambulidwa. Bambowo ali ndi maganizo odzaionetsa galimotoyi pa zionetsero monga Muscle Car and Corvette Nationals, chimene chimachitika mu Novembala ku Rosemont m'boma la Illinois, kumene magalimoto amene sanakonzedwenso amaunikidwa potengera kuchuluka kwa zinthu za ku fakitale zimene zatsalamo.

Tsiku lachitatu

Ndamasula zotsamira zonse ziwiri. Ndinasankha sikuludiraiva ya Phillips yodzadza bwino mutu wa sikuluwu, chifukwa yaing'ono ikanaterereka n'kubaya vinyl ya pa chitseko, ndipo ngozi yotero ikanaposa vuto limene ndabwerera. Sikuluwu iliyonse ndinaiika m'kajumbo kake n'kulembapo mbali ndi bowo limene yachokera. Khushoni imamangidwa ku tsinde kuchokera pansi, kotero imachoka pokhapokha tsinde litachoka pa chitseko.

Ndapeza zinthu zitatu zimene sizinkaoneka kunja. Tsinde la kumanzere lili ndi ming'alu iwiri mozungulira bowo la sikuluwu ya kumbuyo, umboni wakuti wina analimangitsa mopitirira muyeso pamene linayamba kugwedera. Kachitsulo ka m'khushoni ya kumanja kachita dzimbiri m'mbali, ndipo dzimbirilo ndilo linathandiza kumatula guluu. Chachitatu ndi chabwino: pamene tsinde linaphimba, vinyl ya pa chitseko idakali ndi mtundu wake weniweni wa 1967, wakuda bii ndi wowala pang'ono, ndipo poyerekeza ndi malo ena onse ndaona kuti chitseko chafwifwa pang'ono zedi. Vinyl ya m'magalimoto ake kampani ya Pontiac inkaitcha Morrokide, ndipo pa mipando ndi pa zitseko yapirira bwino kuposa pa makhushoniwa.

Ndinadontheza kadontho ka mankhwala osungunula otchedwa acetone kuseri kwa tsinde, pamalo osaoneka, ndipo pulasitikiyo inafewa n'kuyamba kunanda. Zimenezi zandiuza kuti ndi ya m'gulu la ABS, imene imalola kuwotcherera ndi mankhwala osungunula, ndipo zandichenjezanso kuti acetone asayandikire kumaso kwa tsindelo. Zotsamira za kumbuyo, zimene zili ndi motayira phulusa la fodya, sindinazimasule. Sizinasupuke, zangochita kachikasu pang'ono, ndipo ndizo zikhale muyeso wa momwe za kutsogolo ziyenera kuonekera.

Sabata yachiwiri

Ndinaitanitsa khushoni imodzi yatsopano kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto akale, osati kuti ndiiike, koma kuti ndione ngati kuvutika ndi yakale kuli ndi phindu. Itafika ndinaiika pambali pa yakale pansi pa nyale. Timizere ta pa vinyl, timene timatsanzira khungu la chikopa, n'tokulirapo pa yatsopano. Kuwala kwake n'kochuluka ngati nsapato yopolishidwa kumene. Ndipo bowo limodzi silikulunjika bwino ndi la pa tsinde. Pa galimoto imene mkati monse mwaikidwa zatsopano palibe amene akanazindikira, koma pano khushoniyi ikanakhala ngati chigamba cha nsalu yatsopano pa chitenje chakale. Ndaisunga pa shelufu kuti idzathandize ngati yakale itandikanika. Pofunafuna ndinaonanso kuti ena amasakaniza zaka: thupi la GTO linasinthiratu mu 1968, zitseko ndi zotsamira zomwe, choncho cha 1968 sichilowa pa galimoto ya 1967.

Masiku otsala a sabatayi anapita ndi kutsuka. Kwa zaka zambiri mkati mwa galimotoyi munkapakidwa mankhwala owalitsa okhala ndi silicone, ndipo silicone amakana guluu, amakananso penti, amene amangothawa n'kusiya timaenje tozungulira ngati maso a nsomba. Ndinatsuka makhushoni ndi madzi ofunda, sopo wofatsa ndi mswachi wofewa katatu, kenaka ndinapukuta ndi spiriti wa isopropyl pa nsalu yoyera, kutembenuza nsaluyo nthawi iliyonse kuti ndisabwezere zomwe ndachotsa. Poyesa ndinkawaza madzi: akamagawikana m'madontho, silicone adakalipo, atayamba kuyala mosalala ndinadziwa kuti ndafika. Khushoni ya kumanzere inatsukika msanga, koma ya kumanja inafuna maulendo asanu.

Sabata yachitatu: masinde

Chonyezimira cha pa masindewa si chitsulo cha chrome monga cha pa mabampala, ngakhale aliyense amachitchula choncho. Pochipanga, pulasitiki imapakidwa vanishi wosalaza, kenaka imaikidwa m'chipinda chimene mpweya wonse wapopedwamo, mmenemo aluminiyamu amatenthedwa mpaka kusanduka nthunzi imene imakakhala pa vanishiyo, ndipo pamwamba pake amapakanso vanishi wina woonekera mkati kuti ateteze. Aluminiyamuyo ndi wopyapyala kwambiri, wosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, moti ndikaika kachidutswa kosupuka pa nyale kuwala kumadutsa. Vanishi wa pamwamba akangobooka, thukuta ndi chinyezi zimafika pa aluminiyamu, ndipo kusupuka kumafalikira kuchokera pamenepo.

Kusupuka kotere sikumatika. Ndinayesa pa kachigawo kobisika kuika vanishi watsopano pamwamba kuti agwire tizidutswa totsala, ndipo zinangotsekera zipsera mkati, zooneka moipa kuposa kale. Penti wa m'chitini amene amalembedwa kuti ndi chrome ndinamuyesa pa supuni ya pulasitiki: atauma amaoneka ngati siliva wozimirira, ndipo ukamugwira amadetsa chala. Ameneyo ndamuchotsa pa mndandanda.

Njira zenizeni zilipo zitatu, ndipo ndinakhala nazo masiku awiri ndikuziganizira. Yoyamba ndi kubwereza zomwe fakitale inachita, aluminiyamu wa nthunzi uja, kwa amisiri amene ali ndi makina ake. Yachiwiri ndi kukuta ndi zitsulo zenizeni pogwiritsa ntchito magetsi, pamene ABS imayamba yalumidwa ndi asidi kuti igwire, kenaka imalandira kopa, nikelo ndi chrome motsatizana. Njira imeneyi ndiyo yolimba kuposa zonse, koma imanenepetsa chinthu, imakwirira m'mphepete mwakuthwa, ndipo maonekedwe ake obiriwira pang'ono ngati a bampala sangagwirizane ndi zotsamira za kumbuyo. Ndinaopanso kuika pulasitiki ya zaka zopitirira 50, yokhala kale ndi ming'alu, m'madzi a asidi otentha. Yachitatu ndi yopopera siliva wa mankhwala, monga amachitira popanga kalilole, imene imaoneka bwino poyamba koma imakonda kuchita chikasu vanishi wake akakalamba. Ndasankha yoyamba, ngakhale ndikudziwa kuti ndiyo yosalimba, chifukwa ndiyo inali pa galimotoyi ndipo galimoto yoyenda mtunda wochepa chonchi siidzaivutitsa.

Funso lina linali lakuti ndikutitse tsinde la kumanzere lokha kapena onse awiri. La kumanja lasupuka malo awiri aang'ono, ndipo mtima wosunga za ku fakitale unkandiuza kuti ndilisiye. Nditaliyang'ana ndi galasi lokulitsa ndinaona kuti vanishi wake wang'aluka paliponse ngati dothi la m'dambo m'chilimwe, kotero likanayamba kusupuka posachedwa, ndipo tikanadzakutitsa lokha pa nthawi ina n'kupeza masinde awiri owala mosiyana. Ndinawafotokozera bambowo, ndipo anavomera kuti apite onse awiri.

Ndisanatumize ndinafunika kukonza ming'alu, ndipo kuti ndiione bwino ndinachotsa chonyezimira chakale. Ndinaviika tsinde la kumanzere m'madzi osakaniza ndi mankhwala oyeretsera zovala, amene kwathu timangowatcha jiki, ndipo aluminiyamu anasungunuka m'mphindi zochepa n'kusiya vanishi wa pansi wachikasu. Vanishi ameneyo sindinamuchotse, popeza amisiri okuta anandiuza pa foni kuti amamuchotsa okha ndi mankhwala amene saononga ABS. Ena amagwiritsa ntchito mafuta a mabuleki, koma mafuta amenewo amatha kuumitsa pulasitiki yakale mpaka kuthetheka.

Pa nsonga ya mng'alu uliwonse ndinaboola kabowo kakang'ono kuti mng'aluwo usapitirire, kenaka ndinakumba kangalande kuseri motsatira mng'alu. Phala lomatira ndinapanga posungunula tizidutswa ta ABS mu acetone m'kabotolo kotseka usiku wonse, mpaka litakhuthala ngati phala la mwana. Ndinalipaka mopyapyala maulendo anayi, kusiya tsiku lathunthu pakati, chifukwa likaikidwa lambiri nthawi imodzi limauma pamwamba pokha, mkati acetone n'kupitiriza kudya pulasitiki mpaka kumaso kutabonyoka. Pa ulendo wachiwiri ndinakwiriramo kansalu ka fibreglass mozungulira bowo la sikuluwu. Kumaso kwa tsinde ndinangosalaza mzere wa mng'alu ndi sandipepa wa 600 kenaka wa 1000, wonyowa. Chonyezimira sichibisa chilema, chimachikulitsa, choncho ndinapitiriza mpaka chikhadabo chitaleka kukodwa. Masinde onse awiri ndawatumiza.

Sabata yachinayi ndi yachisanu: makhushoni

Kunja kwayamba kuzizira kwambiri, ndipo guluu ndi penti wa vinyl safuna malo ozizira kuposa madigiri 18 a Celsius. Hita ya gasi imene inali mu galaja ndaizimitsa n'kuitulutsa, chifukwa nthunzi ya guluu ikakumana ndi lawi imayaka. M'malo mwake ndaika hita ya magetsi yotseka, ndipo ndimatsegula windo pang'ono ndikamapaka.

Khushoni ya kumanzere inali yophweka. Vinyl yake idakali yofewa, inangomatuka pa mbali imodzi ya pansi. Ndinapala guluu wakale, amene anauma n'kusanduka ufa wofiirira, ndi kuimatanso. Ya kumanja ndiyo yandidyera masiku ambiri.

Za guluu ndiyambe ndi kuyesa kumene ndinachita, chifukwa kunandipulumutsa. Ndinadula tizidutswa tiwiri ta vinyl yakale ya mpando wa galimoto ina, n'kumata kamodzi pa chitsulo ndi guluu wamba wopaka mbali zonse ziwiri, wofanana ndi amene osoka nsapato amagwiritsa ntchito, kenako kena ndi guluu wopangidwira madenga a vinyl ndi mkati mwa galimoto, wopirira kutentha. Zonse ziwiri ndinaziika pafupi ndi hita kwa masiku anayi. Guluu wamba uja anafewa n'kuyamba kunanda, ndipo vinyl inatsetsereka nditaikoka. Chimene chimachitika n'chakuti mankhwala ofewetsa otsala mu vinyl amalowa mu guluu n'kumufewetsanso, ndipo mkati mwa galimoto yoima padzuwa m'chilimwe mumatentha kwambiri kuposa pafupi ndi hita yanga. Guluu winayo sanasunthe.

Kuti ndifike pa kachitsulo ndinafunika kufutukula vinyl yonse ya pansi, ndipo vinyl youma imathyoka ikapindidwa yozizira. Ndinaiotha ndi choumitsira tsitsi mpaka itafunda ngati kapu ya tiyi yogwirika m'manja, n'kumafutukula pang'onopang'ono ndi kamtengo kosalala. Dzimbiri ndinalipala ndi bulashi ya waya, kupaka mankhwala a asidi wa phosphoric osandutsa dzimbiri lotsala, kenaka penti woyambira wopyapyala. Siponji ya m'mphepete inali itafumbutuka, yoyoyoka ngati mkate wouma, koma ya pakati inali yamoyo. Ndinadula yakufayo ndi lezala, n'kulumikizapo siponji yatsopano yolimba mofanana, ndi kuisema ndi sandipepa mpaka mawonekedwe atafanana ndi a khushoni ya kumanzere. Dala ndinaisema yochepa pang'ono kuposa muyeso, chifukwa vinyl inachepa kale ndipo singabwerere pamene inali. Palibe mafuta opaka amene amabwezeretsa mankhwala ofewetsa amene anatuluka, kaya botolo lake lilonjeze zotani.

Apa ndipo ndinalakwitsa. Ngodya ya kumbuyo inkakana kufika pa kachitsulo, panatsala mamilimita atatu okha, ndipo chifukwa cha kutopa ndinasiya choumitsira tsitsi n'kutenga makina opemerera mpweya wotentha amene timachotsera penti. Masekondi ochepa anakwana kuti malo aakulu ngati chikhadabo cha chala chachikulu asalale n'kuwala, timizere tonse titafufutika. Vinyl inafikadi pamene ndinkafuna, koma ndinali nditaononga chinthu chimene chinapirira zaka zonsezi. Madzulo omwewo ndinawaimbira bambowo n'kuwauza, ndipo chithunzi cha malowo chili m'zolembazi pamodzi ndi zina zonse.

Kukonza kwake kunagwirizana ndi kukonza mng'alu wa pa ngodya ya kutsogolo, chifukwa zonse ziwiri zinafuna kubwezeretsa timizere. Ndinatenga chidindo cha timizere pa khushoni ya kumanzere, pamalo abwino, pothirapo labala yamadzi youmbira imene ikauma imatuluka ndi chithunzi cha khungulo. Labalayo ndi ya silicone, choncho khushoni ya kumanzere ndinaitsukanso kuyambira poyamba, ntchito imene ndikanaipewa ndikanatenga chidindocho ndisanatsuke. Pa mng'alu ndinalowetsa kansalu kopyapyala pansi pa vinyl, kukamata ndi guluu wa vinyl, kukokera milomo ya mng'alu pamodzi ndi tepi, ndipo utauma ndinadzaza kampata kotsala ndi phala la vinyl louma ndi kutentha. Phalalo ndinaliika mopyapyala katatu, ulendo uliwonse kulitenthetsa pang'ono, ndipo pa ulendo womaliza ndinadindapo chidindo chija lidakali lofunda, n'kupanikiza ndi kachitsulo kozizira. Pamalo pamene ndinawotcha ndinachita chimodzimodzi popanda kansalu. Timizere tabwerera, osati ndendende, koma munthu ayenera kuwerama ndi kudziwa poyang'ana kuti apaone.

Pomata m'mphepete ndinapaka guluu mbali zonse ziwiri, kudikira mpaka atasiya kumata chala, kenaka kuyamba pakati pa mbali zazitali kupita ku ngodya. Zopanira zachitsulo zimasiya mano pa vinyl yofunda, choncho ndinagwiritsa ntchito mapegi a zovala amatabwa okwana 20, ndi kachikopa pansi pa pegi iliyonse. Ndinasiya masiku awiri osagwira.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Poyamba ndinkaganiza zopopera makhushoni onse awiri penti wa vinyl kuti afanane. Nditawaika pa mpando wa galimoto masana ndinasintha maganizo. Ya kumanzere, itatsukidwa, ikugwirizana ndi chitseko chake bwino lomwe, ndipo penti akanangoichotsera kufwifwa kumene kukuigwirizanitsa ndi zinzake. Ndaisiya yosapaka. Ya kumanja ndapopera pamalo awiri okonzedwa pokha, ndi kabotolo kopopera kakang'ono, nditayamba ndapaka mankhwala othandiza penti kugwira. Penti wakuda wa m'chitini anali wakuda kwambiri ndi wowala kwambiri, choncho ndinasakaniza wowala pang'ono ndi wosawala, kuyesa pa zidutswa zisanu ndi chimodzi, n'kusankha chachinayi. Ndinapopera mopyapyala kanayi, kutalikitsa dzanja pofika m'mphepete kuti penti azimiririke mu vinyl yakale popanda mzere. Penti wochuluka akanadzaza timizere timene ndavutika nato.

Sabata yachisanu ndi chinayi

Masinde abwera atachedwa masabata awiri kuposa momwe tinapanganira. Ntchito yake ndi yoyera, ming'alu sikuoneka kumaso, ndipo m'mphepete mwakuthwa monse mwatsala momwe munalili. Monga ndinkaopera, akuwala kuposa a kumbuyo, amene ali ndi kachikasu ka zaka. Amisiri anandiuza kale kuti vanishi wa pamwamba akhoza kuthiridwa kamtundu kuti aoneke wakale, ndipo ndinakana, chifukwa sindikonda kukalambitsa chinthu mwachinyengo pa galimoto imene ulemu wake wonse uli pa kunena zoona. Lero nditawaona pamodzi ndinakayika pang'ono ngati ndinasankha bwino. Bambowo anakhala pa mpando wa kumbuyo, kuyang'ana uku ndi uku kwa kanthawi, n'kunena kuti tiwasiye choncho.

Pomanga ndinavala magolovesi a thonje. Khushoni iliyonse inabwerera pa tsinde lake ndi masikuluwu ake enieni. Pa chitseko cha kumanzere bowo limodzi la chitsulo linali litakula, ndipo n'chifukwa chake tsinde linkagwedera mpaka wina kulimangitsa mopitirira. Ndinaikamo kachitsulo kogwira sikuluwu kuseri kwa bowolo m'malo mogwiritsa ntchito sikuluwu yokulirapo. Ndinamanga ndi dzanja, kusiya pamene tsinde langokhudza vinyl ya chitseko, n'kuwonjezera pang'ono chabe. Ndinatseka ndi kutsegula chitseko chilichonse maulendo 10, ndipo palibe chikugwedera kapena kulira.

Bambowo ndawapempha kuti masindewa azipukuta ndi nsalu yofewa yonyowa ndi madzi okha, popanda polishi wa zitsulo kapena mankhwala otsukira magalasi okhala ndi ammonia, kuti pa makhushoni asapakenso chowalitsa chilichonse, ndiponso kuti galimoto ikaima panja pa chionetsero aziphimba mawindo nthawi imene anthu sakuiona. M'faelo ya galimoto ndaikamo pepala lonena kuti masinde a kutsogolo ndi a ku fakitale koma akutidwanso, kuti khushoni ya kumanzere yangomatidwa, ndiponso kuti ya kumanja ili ndi siponji yatsopano m'mphepete ndi malo awiri okonzedwa, amodzi mwa iwo chifukwa cha kulakwitsa kwanga.

Chatsala ndi kuona momwe guluu apiririre kutentha, chimene sichingadziwike m'nyengo yozizira ino. Tapangana kuti ndidzabwere kumapeto kwa Julayi, nthawi yotentha kuno, kudzamasula khushoni ya kumanja ndi kuyang'ana m'mphepete mwake mwa pansi. Pomanga lero ndaonanso kuti vinyl ya pansi pa chitseko cha kumanja yayamba kutukuka pa ngodya ya kumbuyo, pamene bolodi ya kuseri ikuoneka kuti inanyowapo, ndipo ndaijambula kuti ndidzayerekeze pa ulendo umenewo.